Ziro Amene Anapita Kukacheza

Ku Santa Rufina, tauni yathu ya nzimbe kum'mawa kwa dziko la Dominika, munthu safunsa ngati a Nicanor Astacio adzuka bwino. Amangotchera khutu. Akamva mawu kuchokera m'nyumba yobiriwira ya m'mbali mwa njanji ija, mawu okangana ndi wailesi, ndi nkhuku, ndi khofi amene akuchedwa kuwira, amadziwa kuti mdalayo ali bwinobwino. Akazi awo, mayi Teófila, amati pa zaka makumi anayi za banja anakwanitsa kumaliza nkhani yawo kawiri kokha, ndipo kachiwiriko n'chifukwa chakuti bambowo anali atatsamwa munga wa nsomba.

A Nicanor anabadwira m'midadada ya odula nzimbe, ndipo monga mwana wamwamuna aliyense wa kumeneko, ankalota zodzakhala katswiri wa besibo, masewero omenya kampira ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi za bwalo. Anayamba ndi ndodo ya tsache ndi zitsekerero za mabotolo. Koma Mulungu anawapatsa maso akuthwa, mutu wogwira manambala, ndi miyendo ya bakha. Atapita kukayesedwa ku timu yathu ya Zikwanje ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anawaponyera mipira khumi. Anamenya umodzi wokha, ndipo umodziwo unapita chakumbuyo n'kukaswa botolo la madzi la mphunzitsi wa timuyo. Mphunzitsiyo anawafunsa mwaulemu ngati pali ntchito ina imene amaidziwa. Iwo anati amatha kulemba zikwangwani.

"Ndiye kalembe, mwana wanga," anatero mphunzitsiyo. "Kalembe ndi mtima wako wonse."

Analembadi. Pafupifupi chikwangwani chilichonse cha golosale ndi malo ometera m'tauni muno ndi dzanja lawo. Koma besibo sanaisiye, anangoilowera khomo lina. Kumapeto kwa bwalo lathu kuli bolodi lalikulu lamatabwa, lalitali kuposa denga la tchalitchi, ndipo m'kati mwake muli kanjira koti munthu n'kuyendamo. Umakwera makwerero a masitepe makumi atatu ndi limodzi kuti ukafike. Bolodilo lili ndi mizere iwiri ya mazenera, wapamwamba wa alendo, wapansi wathu, ndipo chilichonse mwa zigawo zisanu ndi zinayi za masewero chili ndi zenera lake. Timu ikamaliza kumenya, anthu ake atatu atatulutsidwa, a Nicanor amakoleka lata losonyeza zigoli zimene yapeza. Kumapeto kwa mzere kuli mazenera ena atatu: zigoli zonse, mahiti, ndi zolakwa. Hiti, kwa inu amene munabadwa dzulo, ndi mpira umene wamenyedwa n'kukagwa popanda wouwakha, womenyayo n'kufika pa ngodya yoyamba asanamugwire.

Malata onsewo anadula ndi kupenta okha, manambala oyera pa lata lakuda. Maziro anapanga makumi awiri, chifukwa pa besibo ziro ndiye ndiwo za tsiku ndi tsiku. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu akhala m'bolodimo, ndipo chilichonse chimene anakolekapo chinatsala m'mutu. Muwafunse kuti wakutiwakuti anamenya mahiti angati chaka cha chimphepo chija, adzakuuzani nambala, dzina la amayi ake a munthuyo, ndi chifukwa chimene anasiyirana ndi mkazi woyamba. Vuto si kuwayambitsa, vuto ndi kupeza pothawira.

Mnzawo wapamtima anali a Casimiro Berroa, woponya wa dzanja lamanzere, wamtali ngati mlongoti, munthu amene ankatha kutsiriza sabata ndi mawu khumi. Ankagwirizana chifukwa wina anali pakamwa, wina khutu. Ubwenzi wawo unali wa ponda apa nane m'pondepo. Mwana wa a Casimiro, Wilkin, atabadwa, amene anamunyamula pa ubatizo anali a Nicanor, ndipo kuyambira tsiku limenelo awiriwa anasiya kutchulana mayina n'kuyamba kuitanana kuti kompadre. Kwathu kuno dzina limenelo ndi lolemera kuposa achimwene, chifukwa mbale sumusankha, koma kompadre umachita kuloza wekha.

Tsono pali chinthu chimene ngakhale mwana woyamwa kwathu kuno amachidziwa. Woponya akadutsa chigawo chachisanu osapereka hiti ndi imodzi yomwe, palibe amene amatchula. Anzake pa benchi amamutalikira ngati ali ndi mphere. Wolengeza pa wailesi amangozungulira, amvekere, "Amene muli pafupi ndi bwalo, siyani zimene mukuchitazo mudzaone nokha." Ogulitsa mtedza amatsitsa mawu. Aliyense akuchiona, aliyense mtima uli m'mwamba, koma ukachitchula chimathawa. Musandifunse kuti zimatheka bwanji. Ine ndinazipeza, ndipo sindikhala ine woyamba kuziyesa.

Lamulungu lina, zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo, a Casimiro anali pa kachulu ka woponya, akulimbana ndi timu ya Nkhanu za ku Doko. Dzanja linali litadzuka bwino. Zigawo zisanu ndi zitatu zinadutsa alendo osaona hiti. M'chigawo chomaliza anatulutsa awiri, ndipo wachitatu anali ataphonya kawiri. Aphonye kachitatu, zatha. Timu ya Zikwanje chiyambire inali isanaonepo zoterezi, ndipo bwalo lonse, anthu zikwi zisanu ndi chimodzi, linangoti zii. Kumtunda kuja chimwemwe chinawakwera a Nicanor m'mutu ngati mowa. Anatenga ziro n'kumukoleka pa zenera la chigawo chomaliza, chigawocho chisanathe. Ndipo ngati kuti zimenezo zinachepa, anatulutsa mutu pa zenera lina n'kukuwa:

"Kompadre! Alibe hiti ndi imodzi yomwe! Ponyani tizipita!"

Mawu a bambowa safuna chimkuzamawu. Anamveka mpaka kwa ogulitsa malalanje kunja kwa mpanda. A Casimiro anacheuka, anaona ziro amene sankayenera kukhalapo, kenako anaponya. Chibonga chinalira kuti pha! Mpira unadutsa pakati pa bwalo, palibe anaugwira.

A Nicanor anathamangira kuchotsa ziro uja, ndipo lata linawapulumuka n'kugwera kunja, pa udzu. Madzi akatayika saoleka. Zikwanje zinapambanabe, koma palibe anavina. Masewero atatha a Casimiro anadutsa bwalo lonse osayang'ana munthu, anatola lata lija, analipanira m'khwapa, ulendo wa kunyumba. M'mawa mwake nyuzipepala inalemba mzere umene a Nicanor amaudziwa kuposa pemphero la Atate Wathu: Berroa, zigawo 9, hiti 1, ophonyetsedwa 11. Chaka chotsatira phewa la a Casimiro linaonongeka, ndipo sanaponyenso.

Chiyambire tsiku limenelo a Casimiro sanalankhulenso ndi kompadre wawo. Sanawatukwane, sanawamenye, bola akanatero. Anangotseka pakamwa, ndipo munthu amene anali kale wosalankhula akakutsekera pakamwa, pamatsekeka zenizeni. Tauni nayo inawapatsa a Nicanor dzina loti Pakamwa pa Tsoka. Okwatitsa ana ankawapempha kuti asayamikire mkwatibwi. Mlimi wina anawapatsa nkhuku yathunthu kuti asanene kuti chinangwa chake chikukula bwino. Iwo ankaseka nawo, nkhukuyo anadya, koma mumtima zinkawapweteka kwambiri, ndipo chimene chinkapweteka koposa si dzinalo ayi, koma mpando wopanda munthu pa tebulo la domino.

Ziro uja a Casimiro anamusandutsa chokhalira. Masewero alionse ankabwera naye, n'kukakhala pa masitepe a simenti a m'munsi mwa bolodi, pamene pamatentha ngati chiwaya masana. Asanakhale ankamukweza m'mwamba kamodzi, kulozetsa ku bolodi, kenako n'kumukhalira. Kaya kunali kunyoza kaya moni, palibe akudziwa. A Nicanor ankati n'kunyoza, komatu tsiku limene a Casimiro sanabwere, ankatuma akazi awo kukafunsa ngati kulibe matenda.

"Bwanji osangodula lata lina?" mayi Teófila ankafunsa. "Malata adzaza kuseri uku, penti muli nayo. Ziro n'chiyani, si kabwalo chabe?"

"Ziro wanga alipo, mayi. Anangopita kukacheza."

"Kucheza kwa zaka makumi awiri? Ameneyo anakwatira konko."

"Adzabwera."

Kudula wina kukanakhala kuvomereza kuti sadzabweranso, ndipo zimenezo a Nicanor, amene anali ndi mawu pa chilichonse, analibe nazo mawu. Motero m'bokosi munatsala maziro khumi ndi asanu ndi anayi. Ankakwana ndithu, poti masewero a kwathu sasowa mahiti ndi zolakwa.

Wilkin anakula, anatenga msinkhu ndi dzanja lamanzere la bambo ake, ndipo chaka chatha Zikwanje zinamulemba. Za akuluakuluzo sanazilowerere. Kwathu mwana sadutsa munthu amene anamunyamula pa ubatizo, padrino wake, osapempha dalitso, ndipo a Casimiro ngakhale anali ndi chakukhosi, mwambo umenewo sanauletse. Choncho Lamulungu limene ndikufuna kukuuzanili, masana dzuwa lili pamutu, Wilkin anawapeza a Nicanor patsinde pa makwerero akumanga zingwe za nsapato.

"Dalitso, padrino."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga. Lero ndiye ndikuona kuti..."

"Basi, basi, padrino! Dalitso lokhalo. Zinazo musunge."

"Iwe, ndimangofuna kunena kuti kunja kwacha bwino!"

"Ndiye mvula igwa," anatero mayi wogulitsa nthochi zokazinga pambali pawo, akuyamba kuvundikira dengu lake. Onse anaseka, a Nicanor kuposa onse, ndipo anakwera makwerero akuyankhabe.

Alendo anali Nkhanu zomwe zija. Wilkin chaka chimenecho anali atapambana masewero anayi n'kugonja atatu, woponya wapakatikati, ndipo palibe ankayembekezera zachilendo. Zigawo zitatu zoyambirira a Nicanor anazitha akucheza pa zenera ndi wosewera wakumapeto kwa bwalo, kumuuza za mtengo wa penti. M'chigawo chachinayi Yuniol Sabino anamenya mpira wokagunda mpanda, mnzake amene anali pa ngodya yachiwiri n'kuthamanga mpaka pakhomo, ngodya yomaliza. Chigoli chimodzi kwa ife. A Nicanor anakoleka wani akuimba.

Chigawo chachisanu chitatha m'pamene anazindikira kuti bwalo lachepa phokoso. Anayang'ana mzere wa alendo, ndipo pa zenera la mahiti panali ziro amene anamukoleka masewero asanayambe. Dzanja lawo linali lisanafikeko. Anasuzumira pa kabowo ka thabwa: Wilkin ali yekhayekha kumapeto kwa benchi, anzake ataunjikana mbali ina ngati nkhuku pa mvula. M'munsi mwa bolodi mitu inayamba kutembenuka.

"Pakamwa pa Tsoka!" wina anaitana motsitsa mawu. "Tikukuonanitu!"

A Nicanor anali atabwera ndi kachidutswa ka nzimbe koti atafune. Anakatenga, anakapingasa m'kamwa ngati galu wonyamula fupa, n'kuluma.

Koma mvula ikakuona litsiro siikata. Chigawo chachisanu ndi chimodzi chitatha, atakoleka ziro kumtunda ndi ziro kumunsi, anasuzumira m'bokosi n'kupeza mwatsala maziro anayi. Anawerenga ndi zala. Alendo atsala ndi zigawo zitatu. Ife ziwiri, poti timu yapakhomo ikakhala patsogolo siimenyanso chigawo chomaliza. Zitatu ndi ziwiri, zisanu. Anawerenganso kuyambira ku chala chaching'ono, ngati kuti zisintha. Zisanu ndithu.

Zikatheka zija zosatchulazi, wojambula wa nyuzipepala adzajambula bolodi. Chithunzicho chidzapachikidwa m'malo ometera onse a m'tauni muno mpaka adzukulu a adzukulu, ndipo pa zenera lomaliza la mwana wawo wa ubatizo padzakhala dzenje. Kuchotsa ziro pena n'kuika pena sikukanathandiza, dzenje ndi dzenje basi. Anaonongera bambo, lero aonongerenso mwana? Chonsecho ziro wa makumi awiri anali pomwepo, pansi pawo, atakhaliridwa. Kungotulutsa mutu n'kunena kuti, "Tumizani lata ilo," nkhani ikanatha. Koma kuitanitsa ziro wa chigawo chimene sichinaseweredwe, si tchimo lomwe lija kodi? A Nicanor anagwira njakata. Analuma nzimbe mpaka madzi anatsikira pa malaya.

Panatsala njira imodzi: Zikwanje zigoletsenso, kuti zenera limodzi lifune wani kapena thuu. Anapempha Mulungu ndi oyera onse amene anawakumbukira mayina. M'chigawo chachisanu ndi chiwiri anyamata athu anatuluka atatu motsatizana ngati akuthamangira basi. M'chachisanu ndi chitatu Sabino anathamanga kuchokera pa ngodya yachiwiri, anadziponya chamimba pakhomo, fumbi koboo, ndipo refu anakweza chibakera kuti watuluka. Anthu anamutukwana refuyo mpaka kwa agogo ake. A Nicanor anamutukwana mumtima, ndipo kwa iwo zimenezo zinali ngati kuyetsemula utatseka mphuno. Anakoleka ziro wotsiriza. Wilkin anali asanaperekebe kanthu, ndipo m'bokosi munali mbee.

Wilkin akupita pa kachulu kukayamba chigawo chomaliza, makwerero anayamba kulira. Wina ankakwera, pang'onopang'ono, akupumira pa sitepe iliyonse. Panatulukira chipewa cha mlaza, kenako nkhope yaitali ya imvi, kenako lata m'khwapa. A Casimiro anaima pakhomo akupuma wefuwefu. Zaka makumi awiri ndi ziwiri a Nicanor anakhala akukonzekera zoti adzanene tsiku limeneli, ndipo zinali zokwana buku.

"Musalankhule," anatero a Casimiro.

A Nicanor anachotsa nzimbe. "Sindina..."

"Mwayamba kale. Bwezerani."

Anabwezera.

"Ndabwera kudzalondera pakamwa panupo. Musaganize zina."

A Casimiro anayang'ana uku ndi uku. Maso awo anagwera m'bokosi lopanda kanthu lija n'kukhalitsamo. Kenako anayang'ana mazenera, milomo ikuwerenga chamumtima. Anakoka kabenchi, anaikapo lata lawo, analikhalira, n'kuika diso pa kabowo. A Nicanor anapeza kabowo kena pambali pake.

Womenya woyamba anakweza mpira m'mwamba, wosewera wakumanja anauwakha osasuntha. Mmodzi.

"Makwerero anuwa ndi a Satana," anatero a Casimiro, diso lili pa kabowo. "Mumakwera masewero alionse? N'chifukwa chake simunenepa."

"Mmm."

"Musayankhe. Denga langa likudontha, cha kukhitchini. Mbuzi ija inafa, munamva? Yamawanga ija. Inadya pepala la pulasitiki. Mbuzi yopusa kuyambira kubadwa."

Wachiwiri anaphonya koyamba, anaphonya kachiwiri, kachitatu anangoima n'kuuyang'ana mpira ukudutsa. Awiri. Bwalo linafuna kukuwa koma linadzigwira, linangoti hii ngati mphika wovundikira.

"A Teófila akuphikabe nyemba zotsekemera zija pa Pasaka?" Mawu a a Casimiro tsopano ankatuluka ngati madzi a pampopi wothyoka. "Za akazi anga zimachepa shuga. Musakawauze. Zaka zonsezi ndimangodya, ndikuti zakoma. Mawondo anganso atha. Dokotala akuti ndisiye khofi. Ndisiye khofi ine? Ndizimwa chiyani, madzi a mpunga?"

A Nicanor ankangogwedeza mutu, nzimbe ili m'kamwa, misozi ikulengeza. Sanadziwe ngati akulirira mwana ali pa kachuluyo kapena mbuzi yamawanga, imene anali asanaimvepo kuchokera pakamwa pa mwini wake.

Wachitatu anali Elpidio Mota, kamunthu kowonda kamene pa mipira khumi kamamenya iwiri, ndipo iwiriyo mwangozi. Anaphonya koyamba. Anaphonya kachiwiri. A Casimiro anasiya kulankhula. Wilkin anapukuta dzanja pa buluku, anakweza mwendo, anaponya. Chibonga chinathyoka pakati, ndipo mpira unakwera mwaulesi, osapita patali, osapita pafupi. Anthu atatu anauthamangira. Unagwa pakati pawo kuti phu, pa udzu. Hiti yonyansa, yopanda ulemu, koma m'buku salembamo za ulemu.

Bwalo linabuula, kenako mitu zikwi zisanu ndi chimodzi inatembenukira ku bolodi.

Ntchito ndi ntchito. A Nicanor anapita pa zenera la mahiti, anachotsa ziro, anakoleka wani. Lata limenelo linawalemera ngati thumba la simenti. Atatero anachotsa nzimbe m'kamwa, ndipo mawu amene anatuluka anali aang'ono, osakhala awo.

"Sindinanene kanthu. Ndikulumbira pa ubatizo wa mwanayo, sindinanene kanthu."

"Ndinali pompano," anatero a Casimiro. "Makutu ndili nawo."

M'munsimo ena anali atayamba kale kuimba malikhweru ndi kutchula dzina lija. A Casimiro anadzuka, anatulutsa mutu pa zenera lopanda lata la chigawo chomaliza, chipewa n'kugwa, ndipo anakuwa ndi mawu amene tauni inali isanawamvepo:

"Mukuyang'ana chiyani kuno? Munthuyu anali chete, mboni ndine! Mpira uli uko, agalu inu! Muombereni m'manja mwanayo!"

Anthu anadabwa kaye, kenako wina anaseka, ndipo m'manja munayamba kulira kuzungulira bwalo lonse. Wilkin anagwira chipewa chake, anatenga mpira wina. A Casimiro anabweza mutu n'kukhalanso pansi. Anakhala kanthawi akusisita phewa lamanzere.

"Tsiku lijanso," anatero osayang'ana mnzawo, "mpira uja ndinauponya pakati penipeni. Dzanja linali litatha kuyambira chigawo chachisanu ndi chiwiri. Ngakhale mukanakhala kumanda, akanaumenya basi."

"Mwazindikira lero?"

"Ndinadziwa usanachoke m'manja."

"Nanga zaka zonsezi?"

"Munthu umafuna womukwiyira. Dzanja sungalikwiyire, umadyera lomwelo." Anapumira m'mwamba. "Poyamba ndinati ndikwiye mwezi umodzi. Kenako phewa linatha. Kenako ndinasowa poyambira. Inu mukudziwa kuti ine zoyamba kulankhula si zanga."

A Nicanor anatsegula pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire sanapezemo kanthu. Anafuna kukwiya, anayesetsa ndithu, koma chimwemwe chinali chitatenga kale malo onse.

Kunjako Wilkin anaponya katatu, womenya wachinayi anaphonya katatu, masewero anatha. Zikwanje chimodzi, Nkhanu ziro. Ng'oma ndi malipenga zimene zinakhala chete masana onse zinayamba pamodzi, bolodi mpaka kunjenjemera. A Nicanor anatola ziro amene anamuchotsa pa mahiti uja. Tsoka la mwana linali litawapatsa lata limene ankalisowa, ndipo analunjika nalo pa zenera lomaliza.

"Kompadre."

Anaima. Anaganiza kuti mwina ndi malipenga.

"Kompadre, ameneyo ayi." A Casimiro anali ataimirira, atanyamula lata lawo ndi manja awiri. "Ikani uyu. Malo ake ndi pamenepo. Anangofulumira kufika."

Ziro uja anali atasintha. Penti inali itasuluka, pakati panali patalowa m'kati mofanana ndi mwini wake wokhalira, ndipo m'mphepete munali mutachita dzimbiri. Anakana kulowa bwino pa misomali. Anachita kumukankha anthu awiri, wina uku wina uku, ndipo ngakhale anatero anakhala chopendekeka. A Nicanor anamusisita ndi chikhatho ngati mwana wobwera kuchokera kutali.

"Wanenepa," anatero.

"Amadya bwino kwathu. Winayo ndipatseni kuno."

"Mukatani naye?"

"Mnyamata uja akufunika chokhalira. Koma ndikamuuza kuti mwezi umodzi wokha, ndipo akwiyire chibonga."

Choncho m'bokosi la a Nicanor mudakali maziro khumi ndi asanu ndi anayi mpaka lero, ndipo mayi Teófila anasiya kufunsa za lata. Lolemba nyuzipepala inatulutsa chithunzi cha bolodi, chaching'ono, pa tsamba lakumapeto, ziro mmodzi wopendekeka akuoneka bwinobwino. Pansi pake panali mzere: Berroa, zigawo 9, hiti 1, ophonyetsedwa 12.

M'mawa umenewo m'nyumba yobiriwira ya m'mbali mwa njanji munali zii. Wailesi inkalankhula yokha popanda woitsutsa. Anthu opita kuntchito anayamba kuima pa mpanda, ndipo mayi wa nthochi uja analimba mtima n'kugogoda, kufunsa ngati kwagwa zovuta.

"Ali bwino," anatero mayi Teófila, akumwa khofi wawo mwaufulu pakhonde. "Tcherani khutu cha uko."

Anatchera. Kutsidya kwa njanji, kuchokera pakhonde la a Casimiro, mawu aja ankamveka bwinobwino, akufotokoza kuti khumi ndi awiri amaposa khumi ndi mmodzi, kuti mwana waposa bambo, kuti denga lodontha silifuna mmisiri koma phula, kuti mbuzi siyenera kusiyidwa pafupi ndi msika. Zinali nkhani za zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo anali asanafike ndi pakati pomwe. Mwa apo ndi apo, a Nicanor akaima kuti akoke mpweya, pankamveka mawu ena, okhuthala, osafulumira:

"Imwani khofiyo, kompadre. Akuzizira."